Nyanja imene imatitumizira chiperoni ikutentha, ndipo nkhono yake yaikulu ikuvutika kumanga chigoba

Mwezi wa June kapena July ukafika, ife a ku Thyolo ndi ku Mulanje timadziwiratu kuti tsiku lina tidzadzuka phiri litabisala m'nkhungu, kamvula kowaza kakugwa kosalekeza, zovala zitakana kuuma pachingwe. Chimenecho ndi chiperoni. Chinyezi chake chimachokera ku nyanja yamchere ya Indian Ocean, chimawoloka dziko la Mozambique n'kudzagunda mapiri athu, ndipo ndi chimene chimathandiza kuti tiyi akhalebe wobiriwira m'miyezi imene madera ena a dziko lino ali fumbi lokhalokha. Ambirife nyanjayo sitinaione ndi maso, komabe nyengo yathu imachokera kumeneko. Zimene zikuchitika m'madzi ake si nkhani ya anthu a m'mphepete mwa nyanja okha.

Zikuchitikazo ndi ziwiri. Madzi a m'nyanja zamchere akutentha, komanso asidi akuwonjezekera m'madzimo. Gwero la zonsezi ndi limodzi: mpweya wa carbon dioxide umene umatuluka anthu akamawotcha malasha a m'migodi, mafuta a galimoto ndi gasi, akamapanga simenti, ndiponso akamatentha nkhalango. Mafakitale asanachuluke ku Ulaya, m'magawo 1,000,000 alionse a mpweya munali magawo pafupifupi 280 a carbon dioxide. Pamene Charles David Keeling ankayamba kuyeza mpweyawu pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, magawowo anali atafika cha m'ma 315. Lero adutsa 420. Manambala amenewa paokha sauza munthu zambiri. Tanthauzo lake limaoneka bwino tikayang'ana cholengedwa chimodzi chimene kutentha ndi asidi zikuchipeza nthawi imodzi, ndicho nkhono yaikulu ya m'nyanja yamchere.

Nkhono ndikunenayi si yofanana ndi ija imakwawa m'dimba mvula ikagwa, ya chigoba chimodzi chopotana. Iyi ili ndi zigoba ziwiri zotseguka ndi kutsekeka, za m'mphepete mopindikapindika, ndipo ikakula siyendanso. Imakhazikika malo amodzi pakati pa miyala ya makorali (miyala yomangidwa ndi tizamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja), m'madzi osaya, ofunda ndi oyera, mpaka imfa. Pali mitundu pafupifupi 12 ya nkhonozi, ndipo yambiri ili m'gulu limene asayansi amalitcha Tridacna. Yaikulu kuposa yonse ndi Tridacna gigas: chigoba chake chimadutsa mita imodzi m'litali, kulemera kwake kumapitirira makilogalamu 200, ndipo imatha kukhala ndi moyo zaka 100. Mwa nkhono zonse za zigoba ziwiri zimene zili moyo lero, palibe yoposa imeneyi. Kwawo ndi kutali, ku nyanja za ku Philippines, Indonesia, Palau ndi ku Great Barrier Reef kumpoto chakum'mawa kwa Australia. Koma abale ake ocheperapo msinkhu, Tridacna maxima ndi Tridacna squamosa, amapezeka kwa aneba athu pompano, m'gombe la Mozambique, Tanzania, Kenya ndi Madagascar.

Kale anthu oyenda panyanja ankasimba kuti nkhonoyi imapana mwendo wa munthu wosambira n'kumumiza. Imeneyo ndi nthano chabe, chifukwa imatseka pang'onopang'ono, ndipo zikuluzikuluzo sizitha n'komwe kutsekeratu zigoba zawo. Anthu ndiwo akhala akuinyamula kupita nayo kutali: m'tchalitchi cha Saint-Sulpice ku Paris, madzi odalitsidwa a pakhomo amakhala m'zigoba ziwiri za nkhono imeneyi.

Nanga chinthu chosayenda, chokhala m'madzi oyera opanda chakudya chambiri, chimakula bwanji mpaka kufika pamenepo? Chinsinsi chili mu mnofu wake. Dzuwa likawala, nkhono imayasamula zigoba n'kuyanika mnofu wochindikala wa mawangamawanga obiriwira, abuluu ndi ofiirira. Mkati mwa mnofuwo, m'timachubu tochokera m'mimba, mumakhala ndere zing'onozing'ono mamiliyoni ambirimbiri, zosaoneka ndi maso, zotchedwa zooxanthellae. Nderezi zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa monga zimachitira zomera zonse zobiriwira, ndipo gawo lalikulu la shuga amene zimapanga limapita kwa nkhono. Nayo nkhono imazipatsa malo otetezeka, mpweya wotuluka m'kupuma kwake, ndi zonyansa za m'thupi zimene kwa ndere ndi chakudya. M'mnofumo mulinso maselo onyezimira amene amamwaza kuwala kuti kulowe mkati n'kufikira ndere za pansi. Kuwonjezera apo, nkhono imasefa madzi n'kumeza tizamoyo toyandama. Choncho imadya pawiri, koma ikakula, chimene chimaisunga kwenikweni ndi dzuwa kudzera mwa ndere zija. Mugwire mfundo imeneyi, pakuti nkhani yonse yatsamira pomwepa.

Chigoba chimapangidwa ndi calcium carbonate, chinthu chomwecho chimene chili m'chigoba cha dzira, m'chigoba cha nkhono ya m'dimba, ndi mu laimu wothira m'munda. Calcium carbonate amauma m'mitundu iwiri yodziwika, calcite ndi aragonite. Nkhono zikuluzikuluzi, pamodzi ndi makorali amene zimakhala pakati pawo, zimamanga ndi aragonite, yemwe ndi wolimba ndithu koma amasungunuka msanga kuposa mnzakeyo madzi akasintha.

Kumangako kumachitikira m'kampata kopyapyala ka pakati pa mnofu ndi chigoba. Nkhono imakokera m'kampatako calcium ndi kaboni zochokera m'madzi a m'nyanja. Koma nthawi iliyonse imene kachidutswa ka chigoba kauma, pamatsala tizigawo ta haidrojeni, timene ndi mwini wake wa asidi, ndipo tikaunjikana kumanga kumaima. Ndiye nkhono iyenera kumatipopera kunja tizigawoto usana ndi usiku. Kupopa kumeneku kumadya mphamvu, ndipo mphamvuzo zimachokera ku shuga wa ndere. N'chifukwa chake chigoba chimakula kwambiri masana kusiyana ndi usiku, ndipo tsiku lililonse limasiya kamzere kake mkati mwa chigoba.

Timizere timeneti ndi chuma kwa ofufuza. Akadula chigoba n'kuchiyang'ana pa makina okuzira zinthu, amatha kuwerenga masiku, miyezi ndi zaka za moyo wa nkhonoyo. Akayeza mitundu ya okosijeni imene inatsekeredwa m'mzere uliwonse, amadziwa mmene madzi ankatenthera pa nthawi imene mzerewo unkapangidwa. Zigoba za nkhono zimene zinafa zaka masauzande apitawo zimauza asayansi za nyengo ya nthawi imene kunalibe munthu woyeza ndi kulemba. Ofufuza a ku China anapeza m'zigoba za ku South China Sea ngakhale zizindikiro za masiku amene kunadutsa namondwe. Cholengedwa chimene chikuvulazidwa ndi kusintha kwa nyanja ndicho chomwenso chasunga umboni wa mmene nyanjayo inalili isanasinthe, ndipo ine zimenezi zimandikhudza mtima.

Madzi akatentha

Pa kutentha konse kowonjezera kumene mpweya wa carbon dioxide ndi unzake watsekera padziko, magawo oposa 90 pa 100 alionse alowa m'nyanja zamchere. Kukanapanda nyanja, kumtunda kuno bwenzi kutatentha kale mosapiririka. Mbali ya kumadzulo ya Indian Ocean, imene ili kufupi ndi ife, ndi imodzi mwa malo amene atentha mofulumira kwambiri m'nyanja za m'madera otentha.

Kufunda pang'ono sikuipa kwa nkhono. M'miyezi yofunda imakula msanga kusiyana ndi m'miyezi yozizira, ndipo timizere ta m'chigoba timaonetsa zimenezo. Vuto ndi lakuti zamoyo za m'miyala ya makorali zimakhala kale kufupi ndi malire a kutentha kumene zingapirire. Kwa makorali ambiri, amene nawonso amasunga ndere m'matupi mwawo, madzi akangokwera ndi digiri imodzi pamwamba pa kutentha kwa masiku onse kwa mwezi wotentha kwambiri, n'kukhala choncho masabata angapo, ubale wawo ndi ndere umasokonekera. Kwa nkhono zimachitikanso chimodzimodzi. Kutentha kophatikizana ndi dzuwa lamphamvu kumawononga njira imene ndere zimapangira chakudya, ndipo m'malo mwa shuga yekha zimayamba kutulutsanso mankhwala owononga maselo. Ndere zimachepa m'mnofu, mawanga okongola aja amafwifwa, ndipo nkhono imasanduka yoyera mbee. Kuyera kumeneku si imfa nthawi yomweyo. Ndi njala. Nkhono imatsala ndi chakudya chosefa m'madzi chokha, chimene chingaisunge kwa kanthawi koma sichikwanira kumangira chigoba kapena kupanga mazira. Madzi akazizira msanga, ndere zimachulukananso ndipo pakapita miyezi nkhono imachira. Akachedwa kuzizira, imafa.

Zimenezi zaoneka kale. Mu 1998, chaka cha El Niño wamphamvu, makorali anayera m'nyanja zonse za m'madera otentha, ndipo ku Seychelles, ku Maldives, ku Kenya ndi ku Tanzania ochuluka anaferatu. Chaka chomwecho nkhono za Tridacna gigas zinayera ku Great Barrier Reef. Mu 2010 zinabwerezanso, ndipo ku Gulf of Thailand nkhono zikuluzikulu zinayera, zina n'kufa. Kenaka kunabwera kuyera kwa makorali kwa 2014 mpaka 2017, ndipo mu April 2024 bungwe la ku America loona za nyanja ndi nyengo la NOAA linalengeza kuti dziko lili mkati mwa kuyera kwachinayi kokhudza nyanja zonse. Chodetsa nkhawa si kukula kwa vuto lililonse palokha ayi, koma kufupikirana kwake. Nkhono ya zaka 100 imene kale ikanakumana ndi madzi otentha chonchi mwa apo ndi apo, lero ikukumana nawo isanachire bwino ku ulendo wapitawo.

Asidi akachuluka

Kutentha kumabwera ndi kupita, ndipo kumaoneka ndi maso. Asidi sabwerera msanga, ndipo saoneka. Nyanja zimameza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a carbon dioxide amene anthu amatulutsa chaka ndi chaka. Mpweyawu ukalowa m'madzi umasanduka asidi wofooka wotchedwa carbonic acid, amene amamasula tizigawo ta haidrojeni tija. Tizigawoti timakagwirana ndi carbonate amene ali m'madzi n'kumusandutsa bicarbonate. Zotsatira zake ndi ziwiri: carbonate, amene amathandiza kuti aragonite aume ndi kukhala osasungunuka, amachepa, ndipo haidrojeni amene nkhono imalimbana naye kuti imutulutse amachuluka kunja komwe ikufuna kumutayira.

Kuchuluka kwa asidi kumayezedwa ndi muyezo wa pH. Nambala 7 ndi pakati, pansi pa 7 ndi asidi, pamwamba pake ndi mbali inayo. Madzi a pamwamba pa nyanja anali pa 8.2 mafakitale asanachuluke, lero ali pa 8.1. Apa pali zinthu ziwiri zofunika kuzimvetsa bwino. Choyamba, nyanja sinasanduke asidi, ndipo palibe wasayansi amene akunena kuti munthu akasambamo apsa khungu. Ikungosendera kumbali ya asidi. Chachiwiri, kutsika kwa 0.1 kukuoneka kochepa koma si kochepa, chifukwa pa muyezo umenewu kutsika ndi nambala imodzi yathunthu kumatanthauza kuti haidrojeni wachuluka kakhumi. Kutsika kwa 0.1 kukutanthauza kuti wawonjezekera ndi magawo pafupifupi 26 pa 100 alionse.

Mlimi wa kuno sangavutike kumva zimenezi. Tiyi amakonda nthaka ya asidi, ya pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene amakondera nthaka yofiira ya m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi m'zitunda za Thyolo. Koma bzalani chimanga kapena nyemba pa nthaka ya asidi wochuluka choncho, muthire feteleza mmene mungathere, mbewu zimangopinimbira. Sizifa tsiku limodzi, sizipsa, zimangolephera kutenga chakudya chimene chili pomwepo. Alangizi a zaulimi akayeza nthaka yotere amati thirani laimu. Zimene zikuchitikira nkhono zili ngati zimenezo: zipangizo zomangira chigoba zikadalipo m'madzi, koma kuzitenga ndi kuziumitsa kwayamba kudula.

Choncho tisaganize za chigoba chimene chikusungunuka nkhono ikuona. Pa nkhono yaikulu, ya chigoba chochindikala, zimene asidi amachita ndi zapang'onopang'ono. Mphamvu zimene zikanapita ku kukula, ku kubereka ndi ku kulimbana ndi matenda zimathera pa kupopa haidrojeni. M'zoyesera zimene ofufuza amaika nkhono m'mathanki a madzi owonjezeredwa carbon dioxide, kawirikawiri amapeza kuti chigoba chimakula mochedwa, ndipo nthawi zina kayalidwe ka tizidutswa ta aragonite mkati mwake kamasokonekera. Mbali yakunja ya chigoba, imene imakhudzana ndi madzi popanda mnofu woiteteza, ndiyo imakhala pangozi yoyamba yoperepeseka, makamaka usiku pamene kupuma kwa zamoyo zonse za pamiyalapo kumawonjezera carbon dioxide m'madzi osaya. Zotsatira zimasiyana malinga ndi mtundu wa nkhono, msinkhu wake ndi kuwala kumene ikulandira, koma pali mfundo imodzi imene imabwerezabwereza: ovutika kwambiri ndi ana.

Kuti timvetse chifukwa chake, tione mmene nkhonozi zimaberekera. Iliyonse imayamba kukhwima ngati yaimuna, ndipo pakapita zaka imayambanso kupanga mazira. Nthawi yobereka ikakwana imapopera umuna m'madzi, kenaka mazira, ndipo Tridacna gigas yaikulu imatha kutulutsa mazira mamiliyoni mazanamazana ulendo umodzi. Dzira likakumana ndi umuna wa nkhono ina, pasanathe masiku awiri kamwana kamakhala katayamba kale kupanga kachigoba kake koyamba, kopyapyala zedi. Pa nthawi imeneyi kalibe ndere ngakhale imodzi, chifukwa ndere sizichokera kwa makolo. Kayenera kuzimeza kuchokera m'madzi. Ndiye ntchito yovuta kwambiri ya moyo wake, kumanga chigoba kuchokera pa zero, kamaigwira kakudalira kachakudya kochepa ka m'dzira. Kamayandama sabata imodzi kapena awiri kasanakhazikike pansi, ndipo ngakhale katakhazikika, nkhanu, nsomba ndi nkhono zina zoboola zigoba zimakhala zikukasaka. Chitetezo chake ndi chimodzi basi: kukula msanga mpaka chigoba chilimbe moti adani alephere kuchiswa. Chilichonse chochedwetsa kukula chimatalikitsa nthawi imene kamwanako kali ndiwo ya aliyense. Ngakhale m'nyanja yabwinobwino, opulumuka mwa mamiliyoni aja amakhala owerengeka.

Katswiri wina wa pa yunivesite ya James Cook ku Australia, Sue-Ann Watson, anayesa ana a Tridacna squamosa, mtundu womwe uja umapezekanso ku Mozambique. Mu 2012 iye ndi anzake anaonetsa kuti ana ambiri amafa madzi akawonjezeredwa carbon dioxide ndi kutentha kofanana ndi kumene kukuyembekezeka pofika chaka cha 2100. Mu 2015 anapezanso chinthu china chimene ine ndimachiona kuti n'chofunika kwambiri pa nkhani yonseyi: ana amene ankalandira kuwala kokwanira ankapirira asidi bwino kusiyana ndi amene anali m'kuwala kochepa. Tikakumbukira kuti mphamvu zopopera haidrojeni zimachokera ku dzuwa kudzera mwa ndere, zimenezi n'zomveka. Tanthauzo lake ndi lakuti madzi amatope, obwera ndi mitsinje yodutsa m'malo odulidwa mitengo kapena ovundulidwa ndi makina okumba pansi pa nyanja, amachotsa chida chimene nkhono ikanadzitetezera nacho. Matope ndi makorali sizigwirizana chikhalire. Madzi a Ruo amene amatsika m'phiri lathu la Mulanje, kulowa mu Shire pa Chiromo kenaka mu Zambezi, amakathira m'nyanja pa gombe la matope pamene miyala ya makorali ndi yosowa. Makorali a Mozambique ali kumpoto ku zilumba za Quirimbas ndi kumwera cha ku Bazaruto, kumene madzi ndi oyera.

Apa ndi pamene mavuto awiri aja amakumana. Kutentha kumathamangitsa ndere, ndiye chakudya chimachepa. Asidi amachititsa kuti kumanga chigoba kufune mphamvu zambiri. Nkhono imene ikanapirira limodzi mwa mavutowa imagonja ikakumana nawo onse pamodzi, ndipo m'nyanja yeniyeni sabwera payekhapayekha.

Kodi ndiye laimu uja sangathiridwe m'nyanja? Pa malo aang'ono zimatheka. Cha m'ma 2007 ndi 2008, malo oswetsera nkhono zodyedwa za oyster ku Oregon, m'gombe la kumadzulo kwa America, anaona ana a nkhono akufa mamiliyoni osadziwika chifukwa. Atafufuza anapeza kuti madzi amene ankapopa m'nyanja anali ndi carbon dioxide wochuluka moti tiana tinkalephera kupanga chigoba choyamba. Lero malo otere amayeza madzi nthawi zonse ndipo amathiramo mankhwala ochepetsa asidi asanawalowetse m'mathanki. Koma thanki ili ndi malire, munda uli ndi malire. Nyanja zamchere zimakuta magawo oposa 70 pa 100 alionse a dziko lapansi. Chilengedwe pachokha chimabweza asidi wa m'nyanja kudzera m'miyala imene imasungunuka pang'onopang'ono kumtunda ndi pansi pa nyanja, koma ntchito imeneyo imatenga zaka masauzande ambiri.

Mvula ikakuona litsiro sikata

Kunena zoona, chimene chatha nkhonozi mpaka pano si kutentha kapena asidi ayi, ndi dzanja la munthu. Nyama yake, makamaka mnofu wolimba umene umatseka zigoba, ndi chakudya chodula ku Asia, ndipo kuyambira m'ma 1960 zombo zinkapita kutali kukazipha mwaunyinji. Pambuyo pake msika unatembenukira ku zigoba zenizenizo. Malonda a minyanga ya njovu atayamba kuletsedwa mwamphamvu, osema ziboliboli anapeza kuti chigoba choyera ndi chochindikala cha Tridacna chimalowa bwino m'malo mwa mnyanga. Tauni ya Tanmen pa chilumba cha Hainan ku China inatchuka ndi ntchito imeneyi mpaka boma la chigawocho linaletsa malondawa mu 2017. Asodzi ankagwiritsa ntchito mapulopela a maboti kugumula miyala ya makorali kuti afukule zigoba zokwiririka. Mu April 2021, akuluakulu a boma ku Palawan m'dziko la Philippines analanda matani pafupifupi 200 a zigoba ulendo umodzi. Zonsezi zikuchitika ngakhale kuti malonda a nkhonozi pakati pa mayiko akhala akuyang'aniridwa ndi pangano la CITES, loona za malonda a nyama ndi zomera zakutchire, kuyambira m'ma 1980. Mu October 2024 bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yotha, linaika Tridacna gigas m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu kwambiri yotheratu, litaona kuti chiwerengero chake chatsika ndi magawo oposa 80 pa 100 alionse m'zaka 100 zapitazi.

Kuchepa kumeneku kumakulitsa mavuto ena aja. Popeza nkhono siyenda ndipo imangopopera mazira ndi umuna m'madzi, zikatalikirana kwambiri mazira sakumana ndi umuna. Malo akhoza kukhala ndi nkhono zikuluzikulu zingapo zooneka zathanzi, koma kubereka kunaima kale. Ndipo zikatha, sizipita zokha. Nkhonozi zimasefa madzi, zigoba zake ndi pogona pa tinsomba, tinkhanu ndi zomera, zimatulutsa ndere zamoyo zimene zamoyo zina zingatole, ndipo zikafa zigoba zimasanduka gawo la mwala umene umaswa mafunde asanafike pa midzi ya m'gombe.

Wina angafunse kuti, zonsezi ife a kumtunda zikutikhudza pati? Sindinena kuti nkhono ikatha ku Palau tiyi wa ku Thyolo auma. Chimene ndikunena ndi chakuti madzi otentha amene akuyeretsa nkhono ndi omwewo amene amadyetsa namondwe. Namondwe amafuna madzi a pamwamba pa nyanja otentha pafupifupi madigiri 26 kapena kuposa kuti abadwe ndi kukula, ndipo mpweya wofunda umanyamula chinyezi chochuluka, chimene chimadzagwa ngati mvula yoopsa. Namondwe wa Freddy anabadwira kumpoto chakumadzulo kwa Australia mu February 2023, anawoloka Indian Ocean yonse, n'kukhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri. Atalowa kachiwiri ku Mozambique cha ku Quelimane mu March, mvula yake inagumula mapiri ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo anthu oposa 1,000 m'Malawi muno anamwalira kapena kusowa. Chaka cha 2022 tinali titaona kale anamondwe otchedwa Ana ndi Gombe, ndipo gulu la asayansi la World Weather Attribution linapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula ya anamondwe a chaka chimenecho. Aliyense wa kuno ali ndi m'bale kapena mnansi amene anataya nyumba, munda kapena mwana. Chowawa ndi chakuti Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani imodzi ya carbon dioxide pa chaka, pamene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa matani oposa 10. Pa nkhani imeneyi ife ndi msodzi wa ku Quirimbas tili mbali imodzi, ndipo nthumwi zathu zikamapita ku misonkhano ya zanyengo zili ndi chifukwa cholankhulira za nyanja ngakhale dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere.

Pali ntchito imene ikuthandiza, ndipo ndi yoyenera kuitchula. Nkhonozi zimatheka kuweta. Ku Palau anayamba kuziswetsa m'mathanki m'ma 1970 ndi 1980. Ku Philippines, kumene Tridacna gigas inali itatsala pang'ono kutheratu, Edgardo Gomez ndi anzake a ku Marine Science Institute ya University of the Philippines anayamba kuziweta ku Bolinao m'ma 1980, n'kumazibwezera m'nyanja m'madera osiyanasiyana a dzikolo. Kuweta kumadutsitsa ana pa msinkhu woopsa uja ali m'madzi oyezedwa bwino, ndipo amakaikidwa m'nyanja chigoba chitalimba, moyandikana kuti adzathe kuberekana. Kuteteza malo amene zatsala, kuletsa malonda a zigoba ndi kusunga madzi a m'gombe kuti akhale oyera ndi zinthu zimene dziko lililonse lingachite palokha osadikira ena, ndipo kafukufuku wa kuwala uja akuonetsa kuti sizopanda pake.

Koma nkhono yowetedwayo ikaikidwa m'nyanja, imakhala m'madzi omwewo amene ena onse alimo, ndipo ndi ya moyo wautali. Imene ikukhazikika pamwala chaka chino ingathe kudzafika chaka cha 2100 ili moyo. Malipoti a bungwe la IPCC, la asayansi ounika za kusintha kwa nyengo, amasonyeza kuti mayiko akachepetsa msanga mpweya umene akutulutsa, pH ya pamwamba pa nyanja idzakhala cha pa 8.0 pofika nthawi imeneyo. Akapitiriza kuuwonjezera kwambiri, idzatsika kufika cha pa 7.7, kutanthauza haidrojeni wochuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi wa lero, m'madzi amenenso adzakhale otentha ndi madigiri angapo kuposa amene nkhonoyo inabadwiramo.